Mmene mungatetezere malamulo apakamwa amene mwadzipangira pa foni ndi pa kompyuta

Kupanga lamulo lapakamwa sikuvutanso masiku ano. Dalaivala wa Yango amangotchula mawu awiri, foni n'kutsegula Google Maps yokha manja ali pa chiwongolero. Mayi wa shopu ya nsalu ku Kamwala mu Lusaka amanena liwu limodzi, mitengo yonse ya zitenje n'kulembeka pa WhatsApp. M'maofesi ena a maloya ndi owerengera ndalama m'tauni muli makalaliki amene amalembetsa makalata ndi Dragon, pulogalamu ya pa kompyuta yolemba zimene munthu akulankhula, ndime yathunthu n'kutuluka ndi mawu atatu okha. Chimene chimakanika ambiri n'chakuti lamulolo lizimvera iwo okha. Ntchito ya pulogalamu yomva mawu ndi kuzindikira chimene chanenedwa. Za amene wanena, mapulogalamu ambiri safunsa n'komwe, ndipo amene amafunsawo amapusitsika. Mwana wanu, mnzanu wa pa kauntala, wailesi, ngakhale wakuba amene watsomphola foni pa City Market, aliyense akalamula foni imamvera.

Malangizowa akukhudza Android, iPhone, Windows 11 ndi Dragon. Mayina a pa menyu ndawasiya monga mmene alembedwera pa sikirini. Amasiyana pang'ono pakati pa Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung, choncho dzina likapanda kuoneka, lilembeni pa kabokosi kofufuzira ka mu Settings.

## Zoti mukonzeretu

- Foni kapena kompyuta imene ili ndi malamulowo, yotchajidwa bwino.
- Pepala ndi cholembera. Pepala lenileni, chifukwa mudzaling'amba mukamaliza.
- Pasiwedi ya akaunti yanu ya Google, Apple kapena Windows.
- Foni yachiwiri yojambulira mawu.
- Anthu awiri okuthandizani kuyesa: mmodzi wa mawu osiyana ndi anu, wina m'bale wanu amene anthu amakusokonezani naye pa foni.
- Fulashi yopanda kanthu, ngati mumagwiritsa ntchito Dragon.
- Chipinda chachete, ndi nthawi yokwana ola limodzi.

## Gawo 1: Lembani malamulo onse amene alipo

Munthu sungateteze chimene unaiwala kuti chilipo, ndipo malamulo ambiri oopsa ndi aja amene anapangidwa tsiku limodzi pongoyeserera.

1. Pa Android, tsegulani Google app, pitani ku Settings, kenako Google Assistant, ndipo dinani Routines. Ngati muli ndi Google Home app, onaninso pa Automations. A Samsung aonenso ngati anapangapo malamulo mu Bixby, pulogalamu yomva mawu ya Samsung.
2. Pa iPhone malo ake ndi atatu: Shortcuts app, kenako Settings, Accessibility, Voice Control pa mndandanda wa malamulo otchedwa Custom, ndiponso Vocal Shortcuts, imene inabwera ndi iOS 18, nayonso pa Accessibility pomwepo.
3. Pa Windows 11, yatsani voice access, yolamulira kompyuta ndi mawu, nenani kuti "what can I say", ndipo sankhani Voice shortcuts.
4. Pa Dragon, tsegulani Command Browser muone malamulo a MyCommands.

Pa pepala jambulani mizere itatu yotsika. Woyamba mulembe mawu amene mumanena, wachiwiri chimene chimachitika, wachitatu chimene chingawonongeke ngati wanena ndi munthu wina. Mzere wachitatuwo ndiwo ntchito yeniyeni.

Chenjerani: musadalire dzina la lamulo. Litseguleni muone zamkati mwake. Lamulo lotchedwa "good night" likhoza kukhala kuti limazimitsa alamu, limatumiza uthenga kwa munthu ndiponso limawerenga mokweza zochita zanu zamawa.

## Gawo 2: Chotsani zinsinsi zonse m'malamulo

Apa ndi pamene anthu ambiri amapsera, choncho tikhalapo pang'ono.

Chilichonse chimene mwalemba mkati mwa lamulo chimasungidwa ngati mawu wamba owerengeka. Sichibisidwa ndi timadontho ngati mmene pasiwedi imabisidwira. Aliyense amene watsegula mndandanda wa malamulo amachiwerenga, ndipo aliyense amene wanena mawu oyambitsa amachiona chikulembeka pa sikirini. Ndiye kuika pasiwedi ya imelo mu Insert Text ya iPhone, mu Auto-Text ya Dragon kapena mu voice shortcut ya Windows kuli ngati kukiya nyumba n'kusiya kiyi ali pachitseko.

Fufutani lamulo lililonse limene lili ndi izi:

1. Pasiwedi kapena PIN ya mtundu uliwonse.
2. PIN ya Airtel Money, MTN MoMo kapena ya banki. Ena amasunga nambala yonse ya USSD (ija yokhala ndi * ndi #), PIN ili kumapeto, ngati dzina la munthu mu Contacts, kuti azingouza foni kuti iimbe. A m'mabooth amene amatumiza ndalama tsiku lonse amakopeka nayo njirayi chifukwa imafulumiza mzere. Koma kasitomala amene waima pawindo wamva dzinalo, ndipo akhoza kulitchulanso tsiku lina inu mutapotoloka kufuna chenji.
3. Nambala za khadi ya banki, makamaka manambala atatu akumbuyo aja.
4. Nambala za NRC (chitupa cha unzika), TPIN (nambala ya msonkho), ma adiresi ndi nambala za foni za makasitomala. Zimenezi si zanu. Lamulo la dziko la Zambia la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti wosunga zinthu zokhudza anthu ena azisamale, ndipo shopu yaing'ono siyopatulidwa.

Pali kaluso kena kamene kanafala pa mavidiyo a pa intaneti pakati pa eni ma iPhone. Munthu amapita ku Voice Control, amadina Create New Command, amalemba liwu ngati "open", pa Action amasankha Run Custom Gesture, kenako amagogoda pa sikirini m'malo enieni amene manambala a passcode yake amakhala. Akatero, foni ikakhala yokiya amangonena liwulo, foni n'kudzilembera yokha passcode. Zimasangalatsa kuonetsa anzanu pa Manda Hill. Koma Voice Control siyang'ana kuti mawuwo ndi a ndani. Amene wamva liwulo kamodzi ali ndi foni yanu yonse, ndipo woyang'anitsitsa amaona mabatani amene akugogodwa n'kuloweza passcode yeniyeniyo. Ngati muli ndi lamuloli, lifufuteni, ndipo musinthe passcode lero lomwe.

M'malo mwake mapasiwedi aikeni mu pulogalamu yosungira mapasiwedi, monga Google Password Manager, Passwords ya iPhone kapena Bitwarden, ndipo muitchere kuti izifunsa chidindo cha chala kapena nkhope isanalembe kanthu. Lamulo lapakamwa likhoza kukutsegulirani tsamba la banki. Kulowamo kukhale kwa chala chanu.

Chenjerani: kufufuta lamulo sikubweza chinsinsi chimene chinatuluka kale. Ngati PIN inakhala mu lamulo pa foni imene ana, antchito kapena okonza mafoni anaigwirapo, isintheni.

## Gawo 3: Letsani foni kumvera ikakhala yokiya

Foni ikabedwa mu minibasi, wakubayo sadziwa PIN yanu, koma pakamwa ali napo.

Android: mu Settings ya Google Assistant pezani Lock screen, ndipo zimitsani kuyankha kwa Assistant foni ili yokiya. Onaninso Personal results, imene imalola kuti mauthenga, kalendala ndi mayina a anthu anu zitchulidwe. Mafoni ambiri tsopano asamukira ku Gemini, pulogalamu ya Google yolowa m'malo mwa Assistant. Ngati yanu ili choncho, tsegulani Settings ya Gemini, pitani pa Gemini on lock screen, ndipo zimitsani zonse ziwiri, kuigwiritsa ntchito osatsegula foni ndi kuimba kapena kutumiza mauthenga osatsegula foni.

iPhone: pitani ku Settings, Face ID & Passcode, tsikirani pa Allow Access When Locked, ndipo zimitsani Siri. Mukadali pompo zimitsaninso Reply with Message ndi Control Centre. Kenako mu Shortcuts app tsegulani shortcut iliyonse imene imatumiza kapena kuonetsa zinthu zanu, pitani pa Privacy, ndipo zimitsani Allow Running When Locked.

Windows 11: ku Settings, Accessibility, Speech kuli batani loyatsa voice access musanalowe mu akaunti. Lisiyeni lozimitsa pokhapokha ngati mumadalira mawu chifukwa cha vuto la manja. Mukamachoka pa desiki, dinani batani la Windows pamodzi ndi L.

Chinthu china chimene chimaiwalika ndi manambala achinsinsi ogwira ntchito kamodzi (OTP) amene mabanki amatumiza pa SMS. Ngati foni imaonetsa kapena kuwerenga mokweza mauthenga ili yokiya, ntchito yonse ya pamwambayi yapita pachabe. Pa Notifications sankhani kuti zamkati mwa uthenga zizioneka foni ikatsegulidwa basi.

Chenjerani: kuzimitsa Siri pa foni yokiya sikuzimitsa Voice Control. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngati Voice Control simuifuna tsiku ndi tsiku, izimitseni. Ngati mumaifuna, yatsani Attention Aware pa mafoni a Face ID, kuti izigona mukaleka kuyang'ana sikirini.

Madalaivala adzadandaula kuti ndiye aziimba bwanji ali pa Great East Road. Tsegulani foni musananyamuke, muiike pa choikira chake, Maps ikhale yoyaka. Sikirini siikiya Maps ikamalondolera njira, ndipo malamulo amagwira ntchito monga mwa nthawi zonse. Mukatsika, ikiyeni.

## Gawo 4: Phunzitsaninso foni mawu anu, koma musaikhulupirire kwambiri

Google ili ndi Voice Match, yozindikira mawu a mwini foni, ndipo Siri nayo imaphunzira mmene mumaiitanira. Zimathandiza kuchepetsa kudzuka kwa foni ndi mawu a anthu ena.

1. Lowani m'chipinda chachete, wailesi ndi fani zozimitsa.
2. Pa Android pitani ku Hey Google & Voice Match ndipo sankhani kuphunzitsanso mawu. Pa iPhone zimitsani kumvetsera kwa "Hey Siri" n'kuyatsanso, idzakufunsani kubwereza ziganizo zingapo.
3. Lankhulani ndi mawu anu a masiku onse, osati a pa guwa kapena onong'ona.

Google yeniyeniyo imachenjeza kuti mawu ofanana ndi anu, kapena mawu anu ojambulidwa, akhoza kudutsa Voice Match. Ganizirani kuchuluka kwa ma voice note amene mwatumiza m'magulu a WhatsApp a kumpingo, a chilimba ndi a pabanja. Mawu anu ali m'mafoni a anthu ambirimbiri, ndipo mapulogalamu otengera mawu a munthu kuchokera pa kachidutswa kojambulidwa akupezeka kwa aliyense.

A Dragon amvetsetse ichi: user profile yanu ndi yothandiza pulogalamu kumva bwino katchulidwe kanu. Si loko. Mnzanu akakhala pa mpando wanu n'kulankhula momveka, malamulo ambiri adzagwira ntchito. Voice access ya Windows ndiye siisankha n'komwe.

## Gawo 5: Sankhani mawu oyambitsa amene sangatuluke mwangozi

Lamulo la liwu limodzi ngati "send", "home", "pay" kapena "delete" ndi ngozi yodikira tsiku lake. Mu Lusaka timasakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingelezi m'chiganizo chimodzi, ndipo mawu ngati amenewa amatuluka m'kamwa kambirimbiri pa tsiku.

Palinso vuto lina. Chinyanja sichili pa mndandanda wa zilankhulo za Siri, voice access kapena Dragon. Pulogalamu ikamva Chinyanja siikhala chete kunena kuti sindinamve, imafunafuna mawu a Chingelezi oyandikira kamvekedwe kake. Ndiye macheza wamba a mu ofesi akhoza kugwera pa lamulo lalifupi popanda wina kufuna. Lamulo likatalika, mwayi woterowo umachepa kwambiri.

1. Lamulo lililonse likhale la mawu 3 kapena 4.
2. Phatikizani mawu amene sayendera limodzi m'macheza. "Green mango letter" ndi labwino kuposa "write letter".
3. Malamulo awiri asamveke mofanana. "Send quote one" ndi "send quote nine" adzasokonezeka tsiku la phokoso.
4. Musagwiritse ntchito dzina la mwana, la mkazi wanu kapena la shopu. Amenewo ndi mawu oyamba amene munthu wokudziwani angayese, ndiponso mumawatchula tsiku lonse.

Mu 2017 kampani ya Burger King ku America inaulutsa pa TV malonda amene munali mawu oitana Google, ndipo zipangizo za Google Home m'nyumba za anthu zinayamba kuyankha zokha mpaka Google inatsekereza. Sipika ya TV kapena ya wailesi imalamula chimodzimodzi ngati munthu.

Chenjerani: mawu achilendo amateteza ku ngozi, sateteza kwa munthu wofuna kukuberani. Mukawanena mu basi ya ku Matero, anthu onse a mpando wakumbuyo awamva. Lamulo lapakamwa silingakhale chinsinsi, chifukwa kuti ligwire ntchito muyenera kulinena mokweza.

## Gawo 6: Chepetsani mphamvu za lamulo lililonse

Gawo ili ndi limene ine ndimaliona lofunika kuposa kusankha mawu. Funso likhale lakuti: lamuloli likanenedwa pa nthawi yolakwika, lifika pati?

Lipatseni malo ake. Mu MyCommands Editor ya Dragon muli Availability, imene ili ndi zosankha zitatu: Global, Application-specific ndi Window-specific. Global imatanthauza kuti lamulo limagwira ntchito paliponse. Lamulo lolemba nambala ya akaunti ya kampani likakhala Global, likhoza kuilemba mu imelo yopita kwa munthu wolakwika kapena pa Facebook. Lisankhireni Word yokha, kapena windo limodzi lokha. Pa Voice Control ya iPhone, lamulo lililonse lili ndi mzere wa Application. Chotsani Any, muike app imodzi.

Liimitseni lisanafike pa batani lomaliza. Lamulo likonze uthenga, inu mudine Send. Litsegule app ya banki, inu mulembe ndalama ndi PIN. Lisankhe mafayilo, inu mufufute. Mu Dragon ndi voice access izi zikutanthauza kuchotsa Enter womaliza pa mndandanda wa mabatani amene lamulo limadina. Mu Shortcuts, pa Send Message siyani Show When Run ili yoyaka, ndipo patsogolo pa sitepe iliyonse yoopsa ikani Show Alert yokhala ndi batani la Cancel.

Taonani chitsanzo cha shopu ya hadiweya. Mwini wake ali ndi lamulo limene limatsegula WhatsApp, kusankha wogulitsa simenti, kulemba kuti "tumizani matumba 50" n'kutumiza. Mnyamata wa pa kauntala akubwereza mawu a abwana ake moseka, foni ili pa tebulo, ndipo oda yapita. Lamulo lomwelo likangochotsedwa sitepe yomaliza, uthenga umakhala pa sikirini kudikira. Abwana akabwera amauona n'kuufufuta, palibe lole imene yanyamuka. Nthawi imene yawonjezeka ndi ya kudina kamodzi.

Onani amene angalisinthe. Ma Routine a Google ali pawiri, Personal ndi Household. A Household aliyense amene munamulowetsa mu Home yanu akhoza kuwaona ndi kuwasintha. Tsegulani mndandanda wa anthuwo. Nthawi zambiri mumapezeka mlamu amene anasamukira ku Kitwe kalekale.

## Gawo 7: Tetezani fayilo ya malamulo

Gawo ili likukhudza makamaka a kompyuta.

Dragon imasunga malamulo anu mu fayilo yotchedwa MyCmds.dat mkati mwa foda ya user profile. Munthu amene wakopera fayiloyo watenga makalata anu okonzeratu, ma adiresi ndi ma script onse (malangizo olembedwa amene lamulo limatsatira) amene munawavutikira.

1. Aliyense mu ofesi akhale ndi akaunti yake ya Windows ndi pasiwedi yake. Akaunti imodzi ya "Reception" imene onse amalowamo imathetsa chitetezo chonse.
2. Yatsani BitLocker kapena Device encryption, kuti laputopu ikabedwa hard drive isawerengeke pa kompyuta ina. Recovery key yake, nambala yotsegulira hard drive ikadzikiya, musunge kwina, osati m'chikwama cha laputopu chomwecho.
3. Mu Command Browser pitani ku Manage, sankhani malamulo anu, dinani Export, ndipo musunge ngati fayilo ya .dat pa fulashi. Fulashiyo ikhale m'kabati yokiya.
4. Ngati mukufuna kugawira antchito malamulo koma osawaonetsa zamkati, Dragon Professional, Legal ndi Medical zili ndi MyCommands Protection Utility, kafayilo kotchedwa protectcmds.exe mu foda ya Program ya Dragon. Mumakayendetsa mu Command Prompt, n'kulemba pamene pali fayilo ya .dat ndi dzina lanu kapena la kampani. Wolandira fayiloyo amatha kugwiritsa ntchito malamulowo, koma sangaone script yake, kuisintha kapena kuitumizanso kwina.

Chenjerani kawiri apa. Choyamba, fayilo ikatetezedwa choncho siibwereranso. Koperani ina yosatetezedwa musanayambe, ndipo yotetezedwayo musailowetse pamwamba pa malamulo anu enieni, mungadzitsekere kunja nokha. Chachiwiri, chitetezochi chimabisa kapangidwe ka lamulo, sichibisa zotuluka zake. Ngati lamulo limalemba pasiwedi, munthu amangotsegula Notepad, kunena mawuwo, pasiwedi n'kuonekera. N'chifukwa chake gawo 2 linabwera poyamba.

Malamulo ochokera kwa anthu ena asamaleni ngati pulogalamu iliyonse yachilendo. Advanced Scripting ya Dragon imatha kutsegula mapulogalamu ndi kufufuta mafayilo. Shortcut ya iPhone imene mwalandira pa linki, itseguleni muwerenge sitepe iliyonse musanaiyendetse. Mukaona Get Contents of URL pafupi ndi sitepe yotenga zithunzi, mayina a anthu kapena malo amene muli, ndiye kuti ikhoza kutumiza zinthuzo kunja. Fayilo ya .dat yotetezedwa yochokera kwa munthu amene simumudziwa musailowetse n'komwe, popeza simungaone chimene ikuchita.

Mukamapereka foni kwa okonza a ku Town Centre, a Samsung ayatse Maintenance mode, imene imabisa zinthu zanu zonse. Ena onse asapereke PIN ngati vuto ndi la batire kapena potchajira. Ngati sikirini iyenera kuyesedwa, itsegulireni nokha muli pomwepo.

## Gawo 8: Maikolofoni ndi mawu osungidwa

Mu Dragon, "go to sleep" ndi "microphone off" si chinthu chimodzi. Ikagona imamvetserabe, ndipo aliyense wonena kuti "wake up" amaidzutsa. Mukamatuluka kapena mukalandira mlendo, zimitsani maikolofoni kwathunthu. Voice access nayonso ili ndi kugona ndi kuzima, ndipo kusiyana kwake n'komweko. Hedifoni yokhala ndi batani lake la mute ndi yabwino mu ofesi ya anthu ambiri, chifukwa maikolofoni ili pakamwa panu ndipo siitola kwambiri mawu a patali.

Kadontho kobiriwira pamwamba pa sikirini kuyambira Android 12, kapena ka olenji pa iPhone kuyambira iOS 14, kamasonyeza kuti maikolofoni ikugwiritsidwa ntchito. Kakayaka inu musakuyembekezera, onani app imene ikumvetsera ndipo muilande chilolezo.

Mu 2019 zinadziwika kuti Amazon, Google ndi Apple ankapereka zidutswa zina za mawu ojambulidwa kwa anthu olembedwa ntchito kuti azimvetsera pofuna kukonza mapulogalamu, ndipo zina zinali zojambulidwa mwangozi. Kuchokera pamenepo anaika mabatani oti munthu asankhe yekha. Pitani pa myactivity.google.com, tsegulani Web & App Activity, chotsani chizindikiro pa kusunga mawu ojambulidwa, ndipo pa Auto-delete sankhani miyezi 3 m'malo mwa 18 kapena 36. Pa iPhone fufutani Siri & Dictation History mu Settings ya Siri, kenako zimitsani Improve Siri & Dictation pa Analytics & Improvements.

## Gawo 9: Yesani ngati ndinu wakuba

1. Kiyani foni, muipereke kwa munthu wa mawu osiyana ndi anu pamodzi ndi pepala lija. Anene lamulo lililonse. Afunsenso kuti iwerenge mauthenga ndi kuimbira munthu wina.
2. Bwerezani ndi m'bale wa mawu ofanana ndi anu. Muwauze kuti, "Achimwene, yesani kulankhula ngati ine," ndipo muwalole ayese kangapo.
3. Jambulani mawu anu pa foni yachiwiri mukunena lamulo, kenako muwaseweretse pafupi ndi foni yokiyayo.
4. Tsegulani foni kapena kompyuta, maikolofoni ili yoyaka, muyatse Komboni Radio kapena wailesi ina yolankhula Chinyanja kwa mphindi 15. Onani ngati pali lamulo limene layamba lokha.

Lamulo limene lagwira ntchito pa mayeso 1 mpaka 3 libwezeni ku gawo 3. Limene layamba lokha pa mayeso 4 likufuna mawu ena. Mukamaliza ng'ambani pepalalo.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kuyesa ndi mawu anu okha. Lamulo likakumverani, mwangotsimikiza kuti limagwira ntchito. Kuti ndi lotetezeka amatsimikiza ndi munthu wina.

Kuiwala zolumikizidwa ku foni. Wotchi, tomvera m'khutu twa Bluetooth ndi wailesi ya m'galimoto zonse zili ndi maikolofoni kapena batani loitanira Assistant. Foni ikhoza kukhala m'thumba mwanu, wina n'kumailamula ali m'galimoto imene mwasiya ku car wash injini ikulira inu mutaima chapafupi. Smart Lock, imene pa mafoni atsopano ikutchedwa Extend Unlock, imasiya foni yosakiya ikakhala pafupi ndi chipangizo chimene munachikhulupirira. Chotsanimo galimoto ndi sipika.

Kuganiza kuti update siisintha kanthu. Foni ikasamuka kuchoka ku Assistant kupita ku Gemini, kapena ikalandira Android kapena iOS yatsopano, pamabwera mabatani atsopano. Bwerezani gawo 3 ndi gawo 9.

Kupatsa ana foni yotsegula kuti aonere makatuni. Ana amaloweza mawu a makolo msanga kuposa wina aliyense. App pinning ya Android ndi Guided Access ya iPhone zimatsekera mwana mu app imodzi. Pa Android yatsaninso kuti izifunsa PIN pochotsa pinning.

Kutumiza fayilo ya malamulo pa gulu la WhatsApp la ofesi. Imakhala m'foni ya aliyense, ngakhale amene adzasiye ntchito mwezi wamawa.

Kusiya malamulo a wantchito amene wachoka. Tsiku limene wachoka, tsekani akaunti yake ya Windows, fufutani user profile yake ya Dragon mutakopera zofunika, mumuchotse mu Google Home, ndipo musinthe pasiwedi iliyonse imene ankaidziwa.

Kugulitsa foni mutangofufuta zithunzi. Ma Routine amamangirira ku akaunti ya Google ndipo ma Shortcut amayenda ndi iCloud, choncho akaunti ikatsala m'foni, wogulayo watenga malamulo anu onse pamodzi ndi mayina a anthu amene amatumiziridwa mauthenga. Tulukani mu akaunti kaye, chotsani SIM ndi memory card, kenako chitani factory reset. Foni ikayakanso iyenera kukufunsani chilankhulo ngati yatsopano. Ikapanda kutero, musaipereke.